Thanga M'chifuwa mwa Nafisa

Pasiteshoni ya sitima ku Salima, mayi wobereka khanda ankayang'ana chithunzi cha ekisileyi padzuwa. Bambo wina wopanda katundu anatulukira n'kudzakhala pambali pake.

"Mayi, mungandionetseko?"

"Masiku ano munthu wosamudziwa sitimupatsa mapepala, bambo."

"Gwirani nokha, ine ndingoona. Chikukuopsani n'choyerachi?"

"Kwathu akuti ndi chotupa, ku Lilongwe akamung'amba Nafisa wanga. Ndikuganiza zongobwerera kwathu ku Maganga."

"Chikuoneka ngati thanga la ngalawa, sichoncho? Dzina lake ndi thaimasi. Mwana aliyense amabadwa nacho, chimachepa akamakula. Maselo oteteza thupi amaphunzirira ntchito m'menemo, ndipo ambiri amafera momwemo tsiku lililonse."

"Kufa? M'chifuwa mwa mwana wanga?"

"Amafa ndi amene alephera ntchito, komanso amene akanadzaukira thupi lomwelo."

"Ndiye kuti mitemboyo ikuwolera m'katimo?"

"Ayi. Muli maselo ena akuluakulu, ntchito yawo ndi kusesa. Selo likayamba kufa limaonetsa chizindikiro kunja, iwo n'kulimeza lathunthu lisanaphulike. Sipatsala kanthu."

"Nanga kutsokomola kwa mwanayu?"

"Kumeneko ndiye kofunika kupima. Musabwerere kunyumba."

"Nanga akakamung'amba?"

"Chifukwa cha thangali, ayi. Kalata yanu yakuchipatalayo alembera yani?"

"Kuwerenga sindidziwa. Anangoti Dokotala Mwachande. Akuti ndi waukali, sayang'ana munthu kumaso."

"Amaterodi anthu. Mukafike mawa m'mawa ndi mwanayu. Mwachandeyo ndine."