Gelesomu Anaimba Dzulo

Mvula itawapanikiza pakhonde la sitolo ya a Rashid ku Katete, a Elina, amene ankadikira basi ya ku Sinda, anayamba kung'ung'udza kanyimbo. Mayi wina wosenza dengu la mango anatembenuka.

"Imeneyo si ya Gelesomu, yotsegulira sewero la pa wayilesi?"

"Yomweyo. Akangoyamba kuimba, ine ndiwo zimapserera pamoto," anatero a Elina.

"Ine amuna anga amachita kutseka wayilesi, ati ndikumwetulira mopitirira."

"Nsanje imeneyo. Mnyamata ujatu pakhosi pake pali uchi."

"Koma mwamva za kwawo ku Vubwi? Madzi akokolola nyumba za m'mbali mwa mtsinje, ndipo akuti iye ali konko, anapita kukalima."

"Ndinamva, mpaka ndinasala kudya n'kumamupempherera. Koma musade nkhawa, ali moyo. Dzulo lomweli anaimba, mawu ali myaa, opanda ndi chimfine chomwe."

"Aa, mayi, ija ndi mbale ya galamafoni. Anamujambula chilimwe, amangoibwereza."

"Mukuti ine ndinalekeza pemphero panjira, n'kupha nkhuku yachikondwerero, zonsezi chifukwa cha mbale chabe? Tulani dengulo, mayi. Tsinzinani, tiyambirenso."