Pasipoti Idatsala M'bokosi ku Chiuta

Olemekezeka a Administradori a boma lathu la Mecanhelas, olemekezeka a Diretori a zamaphunziro, mafumu a ku Amaramba ndi ku Chiuta, a Shehe ndi abusa, aphunzitsi, makolo amene mwasiya maukonde ndi makasu kuti mudzakhale nafe kuno ku Insaca, ndi inu ana athu amene mukumanga katundu kuti mukaphunzire kunja, ndakupatsani moni nonse.

Mudandiitana kuti ndidzatsegule ofesi yolangiza ophunzira opita kumayiko ena, ndipo ndidalemba mawu okoma masamba anayi. Sindiwawerenga. Zimene ndamva Lolemba lapitali zandisiya kukamwa kuli yasa, ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Débora, loya ku Lichinga, koma mchombo wanga udakwiriridwa ku Chiuta. Mu 1986, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mayi anga adandiwolotsa nyanja ya Chiuta pa bwato pothawa nkhondo, ndipo tsidya lija palibe adatifunsa pepala, adangofunsa ngati tadya. Tidakula tikuona Malawi ngati kuseri kwa nyumba: maliro uko, ukwati uko, chigayo uko. Chifundo chija chidatipulumutsa, koma chidatisiyira chizolowezi chimene lero chikupweteka ana athu.

Lolemba adandipeza Bambo Masudi, msodzi wa ku Chiuta, amene akhala kumbuyoko ndipo andilola kuti ndinene izi. Mwana wawo Shakila wakhala akuphunzira unamwino pa koleji ina ku Malawi kwa zaka zitatu.

"Mayi Débora, mwana uja amubweza," adatero.

"Walephera?"

"Ayi, m'kalasi ndiye woyamba. Akuti m'Malawi sadalowemo."

"Sadalowemo bwanji, zaka zitatu ali komweko? Pasipoti yake ili kuti?"

"Ili bwinobwino m'bokosi kunyumba. Ndidaikulunga m'pulasitiki. Nanga m'bwato siikadanyowa?"

Ena mukuseka, koma ine sindidaseke. Bambowa adachita khama, adamudulira mwana pasipoti, kenako adamupalasa okha mpaka tsidya lija, monga amachitira popita kukaona alongo awo. Ndaigwira pasipotiyo. Ndi yatsopano ngati yatuluka dzulo, mulibe karimbu, chidindo cha pamalire chija, ngakhale imodzi. Ku koleji sadamukayikire, pakuti amayankhula ngati mwana wa ku Machinga ndipo adalembetsa mudzi wa azakhali ake. Pofika polembetsa mayeso omaliza mapepala ake adaonetsa kuti ndi mlendo, adafunsidwa chilolezo cha wophunzira wakunja, n'kupezeka kuti m'mabuku a boma mtsikanayu sadaponde dziko lawo.

Koma chimene chandipweteka kwambiri si chimenecho. Shakila adandiuza kuti m'chaka chachiwiri bambo wina wa pamene ankagona adayamba kumuvutitsa, kumutsekera njira, kumugwiragwira. Shakila atamuopseza kuti akanena kupolisi, bamboyo adangoti, "Pita, akakufunse kuti udalowa bwanji." Mwana wathu adakhala chete chaka chathunthu. Lamulo likadamuteteza, pakuti mlendo naye ndi munthu, koma wopanda mapepala amathawa khomo lomwelo limene likadamupulumutsa. Ine ndaweruzitsa milandu yambiri, koma apa ndidalira pamaso pa mwana.

Makolo anzanga, kalata yakuti mwana walandiridwa pasukulu si chilolezo chokhalira m'dziko la eni. Mwana adutse pachipata cha malire, ngati Entre Lagos, pasipoti ili m'manja, aone ndi maso ake karimbu ikudindidwa, ngakhale njira ya pamadzi ikhale yachidule chotani. Apemphe chilolezo cha wophunzira, ndipo tsiku limene chimatha alidziwe ngati tsiku lake lobadwa. Akafika akadziwonetse ku ofesi ya kazembe wathu, kuti zikavuta pakhale woti n'kumufunsira. Dziko lililonse lili ndi zofuna zake, n'chifukwa chake pali ofesi iyi: funsani musananyamuke, chifukwa safunsa adadya phula.

Musawayang'ane Bambo Masudi ndi diso limenelo. Iwo sadapite kusukulu. Kalata yomuchitira umboni Shakila ku koleji ndidalemba ndine, ndi cholembera changa, ine wodziwa malamulo. Ndidamufunsa za mabuku, ndidamufunsa za nsapato, koma sindidamufunse kuti awoloka bwanji, chifukwa nanenso mumtima mwanga Chiuta si malire. Manyazi amenewa ndi anga. Ndipo m'mawa uno ndafunsa ana khumi ndi mmodzi amene akupita ku Malawi chaka chino kuti adzera kuti. Asanu ndi atatu andiuza kuti bwato alipeza kale.

Akuluakulu a koleji anena kuti Shakila akalowanso m'dziko mwalamulo, n'kupeza chilolezo mayeso asanayambe, adzamulola kulemba. Kwatsala masabata atatu. Mawa ndikwera naye chapa, minibasi yathu ija, mpaka Entre Lagos, ndipo ndikanena zoona zonse kwa oyang'anira chipata, popanda kubisa kanthu. Sindikulonjezani kuti akatimvera. Akakana, zaka zitatu zapita, ndipo mwana amene akadatibaya jekeseni pachipatala chathu abwerera kukayanika nsomba.

Shakila, imirira mwanangu, bwera kuno kutsogolo. Usawerame, wolakwa si iwe. Nkhani yoyamba kulowa mu ofesi iyi ndi yako, ndipo ukalowe iwe ine ndisanalowe.

Olemekezeka nonse, ndi mtima wolemera koma wosataya chiyembekezo, ndikulengeza kuti ofesi yolangiza ophunzira opita kunja yatsegulidwa kuyambira lero. Bambo Masudi, mupatseni mwanayo pasipoti yake agwire yekha.

Zikomo kwambiri nonse.