Kalata ya M'chitenje

Tandiuzani, n'chiyani chimafika osaodira n'kuzimitsa moto wa banja lonse? Kalata ya bwana! A Felesita anali nayo m'chitenje pa siteji ya basi za ku Mwami, kumalire ndi dziko la Malawi, poti amuna awo anali atachotsedwa ntchito kufakitale ya thonje.

"Kale kumigodi yuniyoni inali ndi mano, achimwene," anadandaula kwa bambo wina wasuti amene anali atangotsika basi yochokera ku Malawi. "Ankakuchenjezeratu, n'kukuperekeza kumudzi pa lole, anzako akuimba."

"Bwerani ku Malawi, mayi, lamulo limaluma," anatero bambo wasutiyo. "Ine bwana wanga amandigwadira!"

"Ndiye muwapezereko malo bambo akwathu."

"Aaa, panopa ndili pa holide."

"Holide yonyamula matiresi, mbaula ndi makatani omwe?"

Siteji yonse inafa nalo phwete.