Njinga ya Bambo Eugene Kumwenda

Malemu amuna anga, Bambo Eugene Kumwenda, anabadwa pa 9 Malichi 1964 ku Tembwe. Mbiriyi ndalemba ndekha, ine Damaris mkazi wawo, ndipo ndiwerenga ndekha pakuti akulu a mpingo akana.

Sukulu anayamba mu 1972, nalekezera giledi 7 bambo awo atamwalira. Anabatizidwa mu 1980. Tinakwatirana mu Ogasiti 1986, n'kudzakhala kuno ku Kambombo kulima chimanga. Sanali olankhulalankhula. Pakamwa m'nyumba mwathu ndinali ine, iwo anali manja.

Mu 2003 mwana wathu Purity anatsirizikira kumsana kwanga tikuyenda pansi kupita ku kiliniki. Chaka chomwecho malemu anagulitsa mbuzi zonse, nagula njinga, namangirira kampando ka thabwa kumbuyo. Apakati, olumidwa ndi njoka, nkhalamba zokatenga mankhwala, onse anakwera pamenepo. Sankafunsa kuti munthu amapemphera kuti. Ena mwakhala pamipando kutsogoloku, ana anu anabadwira m'manja mwa anamwino chifukwa cha kampando kameneko. Mayina sinditchula, malemu sakadakondwa.

Matenda sadziwa Lamulungu, ndiye ankanyamula odwala ngakhale tsiku lopemphera. Mu 2016 anawadula mu mpingo, ati malo awo pabenchi akhalitsa opanda munthu. Ine ndinamanga chitenje kuti ndikayambane ndi akulu a mpingo. Malemu anangondigwira dzanja, napita kukapopa matayala. Baibulo sanalisiye, linkayenda nawo m'kathumba ka pulasitiki pahandulo.

Miyendo inayamba kutupa mu Juni 2024, koma anapalasabe mpaka mvula itagwa. Anatisiya Lolemba m'mawa, pa 3 Novembala 2025, ku chipatala cha Chama, dzanja lawo lili m'dzanja langa.

Manje dzulo ndauzidwa kuti wodulidwa saimbiridwa ndi kwaya, ndipo amayi savala yunifomu pamaliro ake. Chabwino. Ine ndinalekezera giledi 4, koma Yakobo ndimawerenga: chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Ambuye Yesu anati amene anachita zabwino adzauka kulandira moyo. Za benchi sindinazipezemo. Lero tikuwabzala ngati mbewu. Lipenga likadzalira adzadzuka ndi olungama, miyendo ili yabwinobwino, ndipo Purity adzawathamangira.

Asiya ine, ana atatu, Justin, Brilliant ndi Cathrine, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Zikomo anamwino, zikomo okumba manda, zikomo inu amayi amene mwaimba m'zitenje zanu zakumunda osadikira chilolezo.

Njinga yatsamira pamtengo wa mango apo, matayala ndapopa. Agogo ake a Mwaka, amene malemu ankawanyamula, tsiku lawo la mankhwala ndi Lachinayi. Amene chikhulupiriro chake chili ndi miyendo, aitenge.

A Kumwenda anga, mwapalasa mokwanira. Gonani mumtendere mpaka adzakuitaneni.