Kabokosi Konunkhiza Penti

Mayi Telala anatsokomola zaka zitatu ndi fungo la penti lochokera m'galaja ya pansi pa nyumba yawo, mpaka akafukufuku a ku yunivesite anawapatsa kabokosi konunkhiza mpweya kuti kakhale pawindo sabata yathunthu, ati manambala ake akakwera, Wapenti wopopera magalimoto uja asamutsidwa. Tsiku lomaliza mayi anabwerako kwa mchemwali wawo kumene anakapumitsa chifuwa, nalowa pabalaza akuvina, n'kupeza amuna awo a Kiyi, mlonda wopuma pantchito amene sanatayitsepo ngakhale supuni ya abwana, atakhala phee ndi kathumba pamiyendo.

"Lero ndi lero, bambo!" anatero mayi akuzungulira tebulo. "Lero Wapenti aona chomwe chinameta nkhanga mpala!"

"Takulandirani, mayi. Chifuwa chili bwanji?"

"Chifuwa chisiyeni, chapeza mboni. Akafukufuku abwera folo koloko kudzatenga kabokosi. Kali bwanji kamwana kanga?"

"Kali bwino zedi. Kalibe ngakhale kachipsera."

"Eee, ndinadziwa ine! Ndikakapsompsone pawindopo."

"Musavutike," anatero a Kiyi akusisita kathumba. "Ndi aka."

Gule anathera panjira, mwendo umodzi uli m'mwamba.

"Kakutani m'thumba?"

"Kakupuma."

"Kakupuma? Kalima munda wa ndani?"

A Kiyi anatulutsa pepala m'thumba la malaya, naliwongola pabondo ngati akusita. "Ndinasaina ndine. Mzere wachitatu: chipangizochi chisamalidwe, ndipo chibwezedwe chili bwinobwino."

"Nanga mzere woyamba?"

"Chiikidwe pawindo. Ndinachiika. Lolemba m'mawa, ndi manja angawa."

"Sabata yathunthu, bambo!"

"Zimenezo anangonena pakamwa. Papepala palibe."

Mayi anakhala pampando wa makina osokera, nachotsa nsapato imodzi. Sanadziwe ngati aiponya kapena angopumitsa phazi.

"Fotokozani bwinobwino. Ndikumvetsera."

"Lolemba lomwelo masana Wapenti anayamba kupopera minibasi. Kagetsi ka pa kabokosi kanasiya kubiriwira, kanasanduka kachikasu. Kenaka kanayamba kulira, tii, tii, tii."

"Ehe!" Mayi anaomba m'manja. "Umboni umenewo! Kanalira mokweza?"

"Momvetsa chisoni. Ndinakachotsa."

"Mwati bwanji?"

"Inu mukamatsokomola ndimatseka windo. Nakonso ndinakalowetsa, n'kukakulunga m'thaulo, n'kukatsekera m'kontena ya pulasitiki ija yokhala ndi chivundikiro chothina. Posakhalitsa kanachira."

"Kanachira! Bambo inu, ntchito yake kameneka n'kudwala! Kadwale, kalire, kalembe manambala!"

"Aaa, mayi, chinthu cha eni ake?"

"Chinabwera kudzanunkhiza!"

"Kananunkhizatu. Lachiwiri ndinapita nako kupaki."

"Kupaki."

"Kukapitidwa mphepo. Tinakhala pabenchi pafupi ndi maluwa maola anayi. Mukanakaona kubiriwira kwake! Munthu wina anachita kufunsa ngati ndi kawailesi."

Mayi anagwira m'mutu ndi manja onse awiri. Kuseka kunkafuna kutuluka, kulira nako kunkafuna kutuluka, ndipo ziwirizo zinapanikizana pakhosi mpaka zinatuluka ngati chifuwa.

"Mwaona?" anatero a Kiyi. "Ndi mmene kanachitiranso kameneka Lolemba."

"Akafukufuku akalemba kuti ndimakhala m'munda wa maluwa! Akati mayi uja amatsokomola pofuna kutchuka! Madiresi aukwati atatu anabwezedwa chifukwa chonunkha minibasi, inu mukutenga mboni yanga kukaicheretsa kupaki?"

"Sindinapitenso. Kunayamba mitambo."

"Ndiye Lachitatu munakabwezera pawindo. Nenani kuti munakabwezera, bambo, mtima wanga ukhale pansi."

"Lachitatu ndinapita kukaona achimwene kuchipatala."

"Kabokosi munakasiya pawindo?"

"Pawindo? Nyumba yopanda munthu? Loko wathu uja mumamudziwa, amatseguka ngakhale ndi foloko. Ndinakasungitsa."

"Kwa ndani?"

"M'nyumba yonse ino ndi munthu mmodzi yekha amene ali ndi kabati yachitsulo ya maloko awiri."

Mayi anaimirira pang'onopang'ono, nsapato ili kumanja.

"Musatchule."

"Wapenti."

"Mayo ine! Mayo ine mwana wa eni! Mboni yanga mwakaisungitsa kwa woimbidwa mlandu!"

"Anandilandira bwino. Anandipatsa ndi mpando."

"Munamuuza kuti n'chiyani?"

"Anafunsa, ndiye ndikananama? Ndinati ndi kabokosi kokusamutsani."

"Amayi anga ine! Ndiye anati bwanji?"

"Anaseka mpaka kutsamira galimoto. Anati bweretsani, achimwene, m'kabati muno muli mdima wa ndiweyani, sikaonanso kanthu. Munthu wabwino zedi."

"Wabwino? Munthu wondiphika mapapo zaka zitatu? Ndipo ndi mbuli! Kameneko kalibe maso, kali ndi mphuno!"

"Ndinamuuzanso zimenezo. Anati mphuno ilibe mboni."

Mayi anayenda kukafika kukhomo, nabwerera, napitanso. Anatchula makolo awo, anatchula tsiku limene anavomera ukwati, anatchulanso mnyamata wina wokonza mawotchi amene anamukana kalekale. A Kiyi ankangogwedeza mutu pa dzina lililonse, poti onsewo ankawadziwa.

"Ndakhululuka zambiri m'banja muno, koma izi ayi. Ndipatseni kabokosiko."

"Mukagwire bwino. Sikanachiritsitse."

"Sikanachiritsitse chiyaninso?"

A Kiyi anaweramitsa mutu mwamanyazi. "Pamenepo ndiye ndinalakwitsa, mayi, ndikuvomera. M'kabatimo sindinasuzumiremo kaye. Ndi mmene amasungiramo zitini za penti zotsegula kale, mankhwala osungunulira penti, ndi zisanza zopukutira. Nditapita m'mawa uno kukakatenga, ndinakamvera kunja chitseko chisanatseguke."

Mayi anaima.

"Kankalira?"

"Kankachita kukuwa. Wapenti akuti wagwira ntchito masiku anayi atatseka m'makutu ndi thonje."

"Kagetsi kaja?"

"Kofiira."

"Kofiira bwanji?"

"Psuu."

Nsapato inatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, phazi n'kulowamo lokha.

"Nanga manambala?"

"Musandikumbutse. Anadzaza kagalasi konse, ena anasowa pokhala. Ndachita kukapepesa njira yonse pokwera masitepe."

"Masiku anayi, bambo?"

"Usana ndi usiku. Koma musade nkhawa, ndapeza njira. Kumbuyo kwake kuli kabatani. Pepala likuti ukadina, zonse zimafufutika, kamabwerera mwakale ngati katsopano. Ndimangodikira kuti mufike, mudzaone kuti ndakonza kulakwa kwanga."

Anatulutsa kabokosi, nakatembenuza, chala chili chire. Anthu amati mayi Telala ndi wolemera thupi, koma tsiku limenelo anadumpha tebulo ndi mpando womwe, tepi yoyezera ikuuluka m'khosi.

"Chotsani chala! Chotsani chala, bambo a ana anga, mwamuna wanga wanzeru!"

"Wanzeru? Si paja mumati wokonza mawotchi..."

"Ameneyo anali ndi mutu ngati chitsa! Taonani manambala awa! Taonani kukongola! Ili ndi diresi laukwati lenileni!"

"Koma akafukufuku akafunsa kumene kanali, ine ndinena. Pawindo theka la tsiku, m'kontena, kupaki, m'kabati."

"Inu mukakhala kukhitchini mukuwiritsa tiyi, ndipo tiyiyo sapsa mpaka atapita. Nthawi ili bwanji?"

A Kiyi anayang'ana wotchi. "Wani koloko."

"Atsala maola atatu athunthu! Ndiye mwangoima pamenepo?"

"Ndikabwezere pawindo?"

"Pawindo pali chiyani? Mphepo yokhayokha!" Mayi anawapanikiza kabokosi pachifuwa n'kuwakankhira kukhomo, gule atayambiranso m'chiuno. "Munakachotseranji kwa munthu wabwino ngati uja? Thamangani mukasungitsenso, ndipo mumupemphe mwaulemu atseke maloko onse awiri!"