Mtengo wa a Zitsa

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1958, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba mu 1966, n'kumaliza sekondale mu 1978. Anamanga banja ndi amayi athu mu 1984.

Mu 1986 analembedwa ntchito kunyumba yosungira zinthu zakale, ntchito yoperekeza alendo m'chipinda cha zithunzi zojambula ndi penti. M'menemo muli zithunzi ziwiri za phiri limodzi, zopachikidwa moyandikana. Pa choyamba, phirilo lili bii ndi mitengo. Chachiwiri chinajambulidwa patapita zaka zambiri, ndipo alendo ankachikonda chifukwa cha kuwala kwake. Malemu ankawasiya ayamikire kaye, kenako n'kuwalozera ndi kandodo m'munsi mwa chithunzicho, pamene pali zitsa. Ankawauza kuti dzuwalo linapeza polowera chifukwa mitengo inapita, ndipo wojambulayo anabisa nkhwangwa koma zitsa anaiwala. Mpake anzawo kuntchito ankawatchula kuti a Zitsa.

Mu 1999, chaka chimene ndinabadwa ine chitsiriza chawo, anadzala mtengo umene mwakhala pansi pakewu. Masamba ake amatseka ngalande, mizu inang'amba khonde. Amayi analankhula zoti udulidwe mpaka anatopa okha.

Anapuma pantchito mu 2018. Mu 2020 anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo pofika 2023 maso anasiyiratu kuona. M'mawa uliwonse mwana wanga ankawagwira dzanja kuwafikitsa pamtengowu. Ankausisita khungwa, n'kukhala pansi. Atisiya Lachiwiri lapitali kuchipatala, amayi ali pambali pawo.

Dzulo nkhuni zinachepa pano, amalume anabwera ndi nkhwangwa kuti adule mtengowu. Sindikuwadandaula, anthu munali ambiri ndipo iwo ankafuna kuthandiza. Ine sukulu ndinalekezera panjira, za zithunzi sindizidziwa, koma chitsa ndimachidziwa. Ndinaima pamtengopo n'kukana. Ngati tiyi anachedwa m'mawa uno, olakwa si azimayi ophikawo, ndi ine. Mundikhululukire.

Malemu asiya amayi athu, ana anayi, adzukulu asanu ndi awiri, ndi mlongo wawo mmodzi.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamala, anzawo akuntchito amene abwera ndi kandodo kawo kaja, ndi oyandikana nawo amene anagawa nkhuni zawo kusanache.

Abambo, usani mumtendere. Pokhalira panu paja tasesa, mthunzi ulipo.