Bambo Cuffie ndi Mawu a Pamwamba

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi Bambo Aldwyn Theophilus Cuffie, obadwa m'chaka cha 1951 ku Siparia, kummwera kwa Trinidad kuno. Ine ndine Errol Modeste, ndaimba nawo migolo yachitsulo, ng'oma zathu za kuno, zaka makumi atatu ndi zinayi. Akubanja ndiwo andipempha kuti ndiwerenge mbiriyi.

Malemu anaphunzira pulayimale ku Siparia konko, sekondale ku San Fernando. Nyimbo anazidziwira kwa sisitere wina amene ankaimba limba kutchalitchi cha Katolika. Mu 1972 anayamba ntchito yowotcherera mapaipi a mafuta ku Point Fortin, ndipo mu 1977 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Verna Alleyne.

Ambirife tinkawadziwa ngati okonza nyimbo za gulu lathu la migolo. Woimba aliyense amadziwa kuti maliwu a so, ti, re ndi fa akalira pamodzi, khutu limafuna kubwerera ku do. Magulu ena ankathera pomwepo. Malemu ankasanjikiza la pamwamba pake, kenaka mi wokwera kwambiri, mpaka womvera ankachita kubanika podikira kuti nyimbo itera liti. Akafuna kuika do pakati pa muluwo, ankayamba achotsa ti. Wina akaiwala, ankakuwa kuti, “Iwe mutu wa kokonati, ti ndi do akumenyana apo, sukumva? Tulutsa mmodzi!” Ndi luso limenelo tinafika kawiri ku mpikisano womaliza wa pa chikondwerero cha Kanivale ku Port of Spain.

Mu Januwale 2017, Lamlungu masana tikuyeserera, Mayi Marva Quashie, oimba mgolo wa mawu okwera, anaphonya mi uja n'kumenya liwu lina, kanayi motsatizana. Tinalipo anthu makumi asanu, ndipo tonse tinamva. Malemu anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Eyaa, pamenepo!” Palibe anaseka. Tinangoyang'ana pansi.

Titaweruka anandikokera kuseri kwa shedi imene tinkayesereramo. “Errol, usandinamize. Marva walakwitsa?” Ndinavomera. Anakhala pa mgolo wakutha, thukuta lili kamukamu. “Papita zaka ziwiri tsopano. So ndikumumva, fa ndikumumva. Zapamwambazo ndimangoona timitengo toimbira tikugunda. Ndikuopa, m'bale wanga. Tsiku lina Verna adzandiitana ine osamva.”

Adokotala anati phokoso la migolo ndi la kuntchito linawononga makutuwo, ndipo sangachirenso. Malemu sanasiye gulu. Anabweretsa bolodi ndi choko, natikhazika pansi ngati ana a sukulu, ife amene tinazolowera kungoloweza zimene atiimbira. Anatiphunzitsa kuwerenga maliwu kuyambira pa so: lachisanu ndi chiwiri ndi fa, lachisanu ndi chinayi ndi la, la khumi ndi chimodzi ndi do, la khumi ndi chitatu ndi mi uja, ndi chifukwa chimene lililonse limakokera mtima. Ankaphunzitsa mwaphuma ngati pali wina akuwathamangitsa. Tikati tatopa, ankangoti, “Nthawi ndilibe.”

Kumpingo anatsogolera kwaya mpaka mu 2020, pamene anatula udindo okha. Anapitiriza kubwera ku Misa, kukhala kutsogolo, maso ali pa milomo ya ansembe. Pofika 2022, chimene ankaopa chija chinali chitachitika. Mayi Verna ankachita kuwagwira paphewa.

Pa 3 mwezi uno, m'mawa, akuoloka msewu pochokera kogula buledi, lole yonyamula mchenga inaliza hutala. Anthu a pasiteji ya basi anakuwa, ena anathamanga. Malemu sanacheuke, ndipo loleyo inawagunda. Anagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo anatisiya pa 12, ali ndi zaka 73.

Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, analemba pakapepala n'kundipatsa: “Nonse mukayezetse makutu.” Sabata yathayi tinapita anthu khumi ndi awiri. Asanu ndi awiri atipeza kuti vutolo layamba kale, ndipo mmodzi mwa iwo ndine. Pamene ndikuwerengamu, khutu la kumanzereli likulira ngati nyenje. Ena otsala a m'gulu lathu akukana kupita, akuti bola osadziwa. Ambiri a inu ndikukuonani pano. Ndapota nanu, pitani.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Verna. Ana atatu, Desmond, Cheryl-Ann ndi Kerwin. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Mlongo wawo, Mayi Eulalie Cuffie a ku Arima. Ndi ife a gulu la migolo.

Ambuye awalandire Bambo Aldwyn Cuffie. Apumule mu mtendere.